Lipoti la ntchito: pulogalamu yomwe inkadalira mtundu wa foni posankha kagwiritsidwe ntchito ka kamera

Lipotili likufotokoza ntchito yokonza pulogalamu ya pa foni imene ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu amawerengera ma barcode ang'onoang'ono omatidwa pa makatoni ndi pa timapaketi. Pulogalamuyi ili pawiri, ya iPhone yolembedwa m'chiyankhulo cha mapulogalamu cha Swift ndi ya Android yolembedwa m'chiyankhulo cha Kotlin, ndipo inalembedwa ndi gulu lina isanaperekedwe m'manja mwathu. Madandaulo anayamba kufika kumapeto kwa 2022, iPhone 14 Pro itangoyamba kugulitsidwa mu Seputembala wa chaka chomwecho. Ogwira ntchito amene analandira mafoni atsopanowa ankanena kuti akayandikiza foni pa barcode chithunzi chimachita chimbuuzi, ndipo akaitalikitsa chithunzi chimaoneka bwino koma barcode imachepa kwambiri moti pulogalamu siitha kuiwerenga. Chimene chinkazunguza onse n'chakuti akatsegula pulogalamu ya kamera yobwera ndi foniyo, barcode yomweyo inkaoneka bwinobwino ngakhale atayandikiza foni mpaka kutsala pang'ono kukhudza katoni.

Zimene zinachedwetsa kupeza vuto

Pulogalamuyi inkatumiza ku seva, kompyuta yolandira ndi kusunga mauthenga, uthenga wachidule nthawi iliyonse kuwerenga kukalephereka, koma pa malo olembapo mtundu wa foni pankangolembedwa mawu akuti iPhone. Olemba oyamba anagwiritsa ntchito `UIDevice.current.model`, yomwe sinena kuti foni ndi ya mtundu wanji, koma imangosiyanitsa magulu akuluakulu monga iPhone ndi iPad. Choncho mauthenga onse ochokera ku mafoni a Apple ankafanana, ndipo panalibe njira yoonera kuti kulephera kwachuluka pa mtundu umodzi. Umboni wokhawo unali mawu a ogwira ntchito, amene ankangoti vuto lili pa iPhone 14, osasiyanitsa wamba ndi Pro.

Chodabwitsa n'chakuti gawo la kamera la pulogalamu yomweyo linkadziwa kufunsa mtundu weniweni wa foni. Linkaitana `uname`, n'kuwerenga gawo lotchedwa `machine`, lomwe limabweza chizindikiro chimene Apple imapatsa mtundu uliwonse wa chipangizo chake. Ena amapeza chizindikiro chomwechi pofunsa `hw.machine` kudzera mu `sysctlbyname`. Chizindikirocho chinkayerekezedwa ndi kamndandanda kolembedwa mu code (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu), komwe munali iPhone13,4, iPhone14,2 ndi iPhone14,3. Foni ikapezeka m'kamndandandako, pulogalamu inkaonjezera zoom (kukuza kwa chithunzi) pang'ono kuti munthu aime patali. Ikapanda kupezekamo, zoom inkasiyidwa pa 1.

Munthu woyamba kufufuza dandauloli ataona iPhone14,2 ndi iPhone14,3 m'kamndandanda, anaganiza kuti iPhone 14 Pro ndi iPhone 14 Pro Max zinaganiziridwa kale, ndipo kafukufuku analowera kwina: kuwala kwa m'nyumba zosungiramo katundu, litsiro pa galasi la kamera, kasindikizidwe ka ma barcode. Kuganiza choncho n'komveka, koma nambala ya m'chizindikiro siyenderana ndi nambala ya dzina limene foni imagulitsidwira. Kusiyanaku kunayamba kalekale, pakuti iPhone 3G ndi iPhone1,2 ndipo iPhone 4 ndi iPhone3,1. Chizindikiro cha iPhone13,4 ndi cha iPhone 12 Pro Max, pamene iPhone14,2 ndi iPhone14,3 ndi za iPhone 13 Pro ndi iPhone 13 Pro Max. M'gulu lomwelo la 14 mulinso iPhone 13 wamba pa iPhone14,5, iPhone SE ya m'badwo wachitatu pa iPhone14,6, komanso iPhone 14 wamba pa iPhone14,7. Mafoni odandaulidwawo, iPhone 14 Pro ndi iPhone 14 Pro Max, ndi iPhone15,2 ndi iPhone15,3, ndipo m'kamndandanda munalibemo. Chaka chotsatira iPhone 15 wamba inabwera ngati iPhone15,4 ndipo iPhone 15 Pro inabwera ngati iPhone16,1, kutanthauza kuti aliyense wodula nambala yoyambayo n'kumaitenga ngati m'badwo wa foni adzalakwitsa chaka ndi chaka. Pali kachinthu kenanso kofunika kukumbukira: mtundu umodzi ukhoza kukhala ndi zizindikiro ziwiri, monga iPhone X yomwe ndi iPhone10,3 komanso iPhone10,6 malinga ndi zipangizo za netiweki zimene zili m'kati mwake.

Gwero lenileni la vuto

Kuonjezera iPhone15,2 ndi iPhone15,3 m'kamndandanda kukanathetsa dandaulo tsiku lomwelo, ndipo tinachitadi zimenezo ngati chithandizo choyamba kuti ntchito ya m'nyumba zosungiramo katundu isaime. Komabe kamndandandako kanali kuyankha funso lolakwika. Chimene pulogalamu inkafuna kudziwa si dzina la foni, koma mtunda waufupi kwambiri umene kamera ingathe kugwira fokasi, ndiko kuti kuonetsa chinthu popanda chimbuuzi. Kamera iliyonse ili ndi malire amenewa, ndipo chinthu chikayandikira kuposa pamenepo sichingaoneke bwino ngakhale pulogalamu itachita zotani. Opanga mafoni akamakulitsa sensa (kachipangizo kolandira kuwala) ya kamera yaikulu kuti izijambula bwino mumdima, malirewa amasunthira kutali. Pa iPhone 12 Pro anali pa masentimita pafupifupi 12, pa iPhone 12 Pro Max anafika pa 15, ndipo pa iPhone 14 Pro anafika pafupifupi pa 20. Wogwira ntchito wozolowera kuyandikiza foni pa masentimita 12 kapena 13 ankapezeka kuti walowa m'kati mwa malire a kamera yatsopanoyo.

Funso la chifukwa chimene kamera yobwera ndi foni inkaonera bwino nalonso linayankhidwa pomwepa. Kuyambira pa iPhone 13 Pro, pulogalamu ya kamera ya Apple imasamukira yokha ku kamera yoona malo aakulu kwambiri munthu akayandikira chinthu, ndipo kamera imeneyo imagwira fokasi mpaka pa masentimita 2. Pulogalamu yathu inkasankha `builtInWideAngleCamera` mwachindunji, yomwe ndi kamera yaikulu ija, imodzi basi, choncho kusamukako sikunkachitika.

Kuyambira pa iOS 15, yomwe inatuluka mu 2021, `AVCaptureDevice`, yomwe imaimira kamera mu code, ili ndi `minimumFocusDistance`, imene imanena malire aja m'mamilimita, kapena kubweza -1 ngati sakudziwika. Ndiye kuti yankho linalipo kale chaka chathunthu vutoli lisanaoneke. Kulemba mndandanda wa mafoni pofuna kudziwa chinthu chimene foniyo ingathe kunena yokha kuli ngati kusoka malaya a munthu pongomva dzina lake, iye ali pomwepo woti n'kumuyeza.

Mawerengedwe amene tinaika m'malo mwa kamndandanda ndi osavuta. Tikudziwa kukula kwa barcode yaing'ono kwambiri imene imagwiritsidwa ntchito, ndipo tikudziwa gawo la chithunzi limene barcode iyenera kudzaza kuti iwerengedwe msanga. Kuchokera pa `videoFieldOfView`, yomwe imanena kutambalala kwa malo amene kamera ikuona m'madigiri, timapeza mtunda umene munthu ayenera kuimapo kuti barcode idzaze gawolo. Mtundawo ukakhala waufupi kuposa malire a fokasi, timagawa malirewo ndi mtundawo, ndipo yankho lake ndiye zoom yofunika. Mwachitsanzo, barcode ikafuna kuti foni ikhale pa mamilimita 100 pamene kamera imayamba kuona bwino pa mamilimita 200, zoom iyenera kukhala 2. Munthu amangoona barcode itadzaza bokosi la pa sikirini akadali patali, ndipo sayandikiranso popanda womuuza. Tinaonjezera malire akuti zoom isapitirire imene kamera ikulola, ndipo timayang'ananso `videoZoomFactorUpscaleThreshold` kuti tidziwe pamene chithunzi chayamba kungotukumutsidwa popanda kuonjezera tsatanetsatane.

Tinakambirana za njira ina, yosankha kamera yophatikiza monga `builtInTripleCamera` n'kulola foni kusamuka yokha pakati pa makamera ake. Njirayi ndi yabwino pa mapulogalamu ojambula zithunzi, koma pa ntchito iyi sitinaikonde. Makamera a kumbuyo kwa foni sali pa malo amodzi, ndiye posamuka chithunzi chimadumpha pang'ono ndipo barcode imatuluka m'bokosi pa nthawi yeniyeni imene munthu walunjika. Kwa munthu wowerenga makatoni tsiku lonse kudumphako n'kotopetsa, komanso njirayi sithandiza mafoni opanda makamera angapo.

Mbali ya Android

Palibe amene anadandaula za Android, koma titaona mmene gawo la iPhone linalembedwera tinatsegulanso code ya Kotlin. Pa Android kufunsa mtundu wa foni n'kosavuta, chifukwa kalasi ya `Build` ili ndi zonse: `MANUFACTURER`, `BRAND`, `MODEL`, `DEVICE`, `PRODUCT`, `HARDWARE` ndi zina. Vuto ndi lakuti wopanga foni aliyense amalembamo mmene wafunira. Pa Pixel 6, `MODEL` imabweza dzina lomwelo la pa msika ndipo `DEVICE` imabweza oriole, pamene pa Galaxy S21 `MODEL` imabweza nambala monga SM-G991B kapena SM-G991U. Nambala ziwirizi ndi za foni ya dzina limodzi koma purosesa yake, kachipangizo koyendetsa ntchito zonse za foni, ndi yosiyana, yoyamba ili ndi Exynos 2100 ndipo yachiwiri ili ndi Snapdragon 888. Mafoni a Redmi amabweza Xiaomi pa `MANUFACTURER` ndi Redmi pa `BRAND`.

Code yomwe tinaipeza inkati: ngati `MANUFACTURER` ndi Samsung, ndipo `MODEL` ikuyamba ndi SM-G99, onjezerani zoom. Mafoni a kampaniyi amabweza dzinalo m'zilembo zazing'ono zokhazokha, samsung, ndipo kuyerekeza kwa mu code kunkasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ndiye kuti lamuloli silinagwirepo ntchito pa foni ngakhale imodzi chilembedwere. Likanati ligwire, likanalakwabe mbali ziwiri. Chiyambi cha SM-G99 chimakokera pamodzi Galaxy S21, S21+ ndi S21 Ultra, kuphatikizapo S21 FE yomwe ndi SM-G990, chonsecho kamera yaikulu ya Ultra ndi yosiyana kotheratu ndi ya anzakewo. Ndipo mu 2022 mafoni a Galaxy S22 anabwera ndi kalembedwe katsopano, SM-S901, SM-S906 ndi SM-S908, komwe lamulo lakale silikanakazindikira. Ndinganene kuti cholakwa cha zilembo chinaiteteza pulogalamuyi ku cholakwa chachikulu, ngakhale zimenezi sizinali m'maganizo a wolemba.

Pa Android funso la fokasi limafunsidwa kudzera mu Camera2, njira imene mapulogalamu amalankhulirana ndi kamera, yomwe inabwera ndi Android 5.0 mu 2014. `CameraCharacteristics` ili ndi `LENS_INFO_MINIMUM_FOCUS_DISTANCE`, koma apa pafunika kusamala chifukwa nambalayo si mamilimita. Imaperekedwa m'ma diopter, kutanthauza kuti mtunda wa m'mamita umapezeka pogawa 1 ndi nambalayo: 10 ndi masentimita 10, 5 ndi masentimita 20, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti kamera imaona pafupi kwambiri. Ikakhala 0, kamerayo ili ndi fokasi yosasuntha. Palinso `LENS_INFO_FOCUS_DISTANCE_CALIBRATION`, yomwe imanena ngati nambalayo ndi yodalirika. Ikabweza UNCALIBRATED, nambala ya fokasi siyenderana ndi muyezo weniweni uliwonse ndipo siyenera kulowa m'mawerengedwe. Pa mafoni amene kamera yake ili pa mlingo wa LEGACY, womwe ndi wotsikitsitsa mu Camera2, nambalayo ikhoza kusapezeka n'komwe. Kutambalala kwa malo oonedwa sikuperekedwa mwachindunji ngati pa iPhone, koma kumawerengedwa kuchokera pa `SENSOR_INFO_PHYSICAL_SIZE` ndi `LENS_INFO_AVAILABLE_FOCAL_LENGTHS`.

Chifukwa cha zimenezi, pa Android tinakonza njira ziwiri. Foni ikapereka nambala yodalirika, timawerengera zoom monga pa iPhone. Ikapanda kutero, pulogalamu imayamba pa zoom ya 1, ndipo ikaona kuti padutsa kanthawi kamera ili yotsegula popanda chowerengedwa, imakweza zoom pang'onopang'ono mpaka barcode itawerengedwa, kenako imasunga zoom imeneyo pa foniyo kuti idzayambire pomwepo ulendo wotsatira. Tinaikanso batani looneka bwino losinthira zoom pamanja, chifukwa wogwira ntchito amaona msanga kuposa mawerengedwe athu pamene chithunzi sichili bwino. Njira yachiwiriyi tinaipititsanso ku iPhone kuti izigwira ntchito pamene `minimumFocusDistance` yabweza -1 kapena pamene foni ili ndi iOS yakale. Phindu lake ndi lakuti foni yosadziwika sigweranso pa khalidwe la mafoni akale mwakachetechete, monga zinachitikira ndi iPhone 14 Pro.

Pamene mtundu wa foni ukufunikabe

Sitinachotse kuwerenga mtundu wa foni, ndipo sindigwirizana ndi amene amati pulogalamu yabwino siyenera kufunsa zimenezi mpang'ono pomwe. Nkhani yonseyi inatenga nthawi chifukwa mauthenga opita ku seva analibe mtundu wa foni. Tsopano uthenga uliwonse umanyamula chizindikiro monga mmene foni yachiperekera, iPhone15,2 kapena SM-G991B, pamodzi ndi mtundu wa iOS kapena Android, malire a fokasi amene kamera yanena, ndi zoom imene inasankhidwa. Kumasulira chizindikiro kukhala dzina la pa msika kumachitikira pa seva, osati pa foni. Chifukwa chake n'chakuti mndandanda womasulira wokhala m'kati mwa pulogalamu umakalamba tsiku limene foni yatsopano yatuluka, ndipo sungasinthidwe popanda kutulutsa pulogalamu yatsopano n'kudikira kuti anthu aikopere. Vuto lomweli lili ndi malaibulale (code yolembedwa kale ndi ena) othandiza kumasulira zizindikiro monga DeviceKit: amagwira ntchito bwino, koma foni yatsopano saidziwa dzina mpaka owasamalira ataionjezera ndipo inu mutatenga zosinthazo. Pa Android tinagwiritsa ntchito mndandanda wa zipangizo umene Google Play imafalitsa, womwe umalumikiza dzina la pa msika ndi `DEVICE` komanso `MODEL`. Pa iPhone mndandanda timausamalira tokha, ndipo n'zotheka chifukwa mitundu yake ndi yochepa.

Ntchito yachiwiri ya mtundu wa foni ndi ya mafoni amene amanena zosiyana ndi zimene amachita. Zimachitika kuti kamera yanena kuti ikhoza chinthu china koma pochichita n'kulephera, ndipo pamenepo kufunsa luso la foni sikuthandiza chifukwa yankho lake ndilo lolakwika. Ngakhale CameraX, laibulale ya Google yoyendetsera kamera, ili ndi mndandanda wake wa mafoni ofunika kuwasamalira mwapadera, wodalira zomwe `Build` imabweza. Ifenso tinasiya malo a mndandanda woterewu, koma tinauikira malamulo. Umakhala pa seva ndipo foni imaukopera n'kuusunga. Mzere uliwonse umatchula chizindikiro chathunthu, osati chiyambi chake chokha, ndipo kuyerekeza kumachitika zilembo zonse zitasandutsidwa zazing'ono. Mzere uliwonse umatchulanso mitundu ya Android kapena iOS imene vutolo linaonekapo, chifukwa opanga mafoni amakonza zolakwa zambiri akamatulutsa zosintha, komanso umakhala ndi chiganizo chofotokoza chimene chinaoneka. Kamndandanda kakale kanalibe ndemanga ngakhale imodzi, ndipo mzere umodzi wonena kuti iPhone14,2 ndi iPhone 13 Pro ukanapulumutsa nthawi yonse imene inathera pa kufufuza magetsi ndi magalasi. Ngati nkhani ili pa purosesa osati pa kamera, Android 12 inabweretsa `Build.SOC_MANUFACTURER` ndi `Build.SOC_MODEL`, zomwe ndi zolunjika kuposa kulosera purosesa kuchokera pa chilembo chomaliza cha `MODEL`.

Tinagwirizananso kuti chizindikiro cha foni chisagwiritsidwe ntchito pa chitetezo. Zomwe zili mu `Build` zimachokera m'mafayilo a dongosolo la foni, ndipo munthu amene wachita root foni yake (kudzitengera mphamvu zosintha mafayilowa) kapena waikamo Android yosinthidwa akhoza kulembamo chilichonse. Eni pulogalamu anafunsa ngati tingatsekere kunja mafoni osakhala a kampani yawo poyang'ana mtundu, ndipo tinawayankha kuti zimenezo zichitike polowa ndi akaunti komanso kudzera m'dongosolo loyang'anira mafoni a kuntchito. Pa nkhani ya chinsinsi cha anthu, mtundu wa foni pawokha suloza munthu, koma ukaphatikizidwa ndi zinthu zina zambiri ukhoza kuyamba kumuloza, choncho kupatula mtundu wa foni ndi wa iOS kapena Android, timatumiza zokhudza kamera zokha. Dzina limene mwini foni anaipatsa sitilitenga, ndipo kuyambira pa iOS 16 `UIDevice.current.name` imangobweza dzina lachisawawa pokhapokha pulogalamu itapatsidwa chilolezo chapadera. IMEI ndi nambala ya siriyo, nambala zozindikiritsa foni imodzi payokha, sizinafunikepo pa ntchitoyi, ndipo Android 10 inaletsa kale mapulogalamu wamba kuziwerenga.

Kuyesa ndi zotsatira

Poyesa panali msampha umodzi woyenera kuulemba kuti otitsatira asadzagweremo. Pa simulator ya Xcode, yomwe ndi iPhone yoyeserera pa kompyuta, `uname` imanena za kompyuta imene simulator ikuyenderapo, ndiye imabweza x86_64 kapena arm64 m'malo mwa chizindikiro cha iPhone. Chizindikiro cha foni yoyesereredwayo chimapezeka mu `SIMULATOR_MODEL_IDENTIFIER`, yowerengedwa kudzera mu `ProcessInfo`. Pa emulator, foni ya Android yoyeserera pa kompyuta, `HARDWARE` imabweza ranchu kapena goldfish. Tinakonza kuti mauthenga ochokera ku zipangizo zoyesererazi azilembedwa chizindikiro chapadera kuti asasakanikirane ndi a mafoni enieni pa seva. Kupitirira apo, simulator ilibe kamera yeniyeni, choncho mawerengedwe a zoom tinawapatula kukhala gawo loima palokha, lolandira manambala anayi n'kubweza imodzi, kuti liziyesedwa popanda foni. Kuyesa fokasi kwenikweni kunachitika pa mafoni enieni, barcode itamatidwa pa khoma ndipo mtunda ukuyezedwa ndi rula.

Zosinthazi zitafika kwa ogwira ntchito, dandaulo la iPhone 14 Pro linatha. Mayeso enieni anabwera mu Seputembala 2023 pamene mafoni a iPhone 15 anayamba kufika m'nyumba zosungiramo katundu: pulogalamu inawerenga ma barcode popanda kusintha mzere uliwonse wa code, ndipo ntchito yathu inali yongoonjezera mayina anayi pa mndandanda womasulira wa pa seva. Pa Android mauthenga atsopano anaonetsa chinthu chimene sichinkadziwika kale, chakuti ena mwa mafoni otsika mtengo amene ogwira ntchito amagwiritsa ntchito ali ndi kamera ya fokasi yosasuntha. Mafoni amenewa zoom siwathandiza mokwanira pa ma barcode aang'ono kwambiri, chifukwa mtunda umene amaonera bwino ndi wautali ndipo chithunzi chimatha mphamvu chisanakule mokwanira. Tinalangiza eni pulogalamu kuti pogula mafoni a ntchitoyi azionetsetsa kuti kamera ya kumbuyo ili ndi autofocus (fokasi yodzisintha yokha), ndipo pulogalamu tsopano imachenjeza wogwiritsa ntchito ikapeza kuti `LENS_INFO_MINIMUM_FOCUS_DISTANCE` ndi 0. Sitinafune kulemba autofocus ngati chofunika chokakamiza mu manifest, fayilo yonena zimene pulogalamu imafuna pa foni, chifukwa kutero kukanachititsa kuti pulogalamu isaoneke pa Google Play kwa eni mafoni amenewa, chonsecho ma barcode akuluakulu a pa makatoni amawawerenga bwinobwino. Chotsala ndi kuunika ngati zoom yosungidwa pa foni iyenera kufufutidwa foniyo ikalandira Android yatsopano, popeza khalidwe la kamera limatha kusintha ndi zosintha zoterozo. Pakadali pano timaifufuta nthawi iliyonse `Build.FINGERPRINT`, chizindikiro cha Android imene ili pa foniyo, ikasintha.